Mawaya ndi Njuchi Yake

Mumzinda monse, munthu akagula zoimbira zodula n'kupeza kuti zikulira pansipansi ngakhale nyimbo itazimitsidwa, anzake ankamuuza chinthu chimodzi: itanani Mawaya. Dzina lenileni anali nalo, amake anam'patsa, koma linatsalira pa chiphaso. Ngakhale mkazi wake, akapsa mtima, ankamuitana kuti a Mawaya.

Anali munthu wamfupi, wadazi, wa zala zodzaza zipsera za mtovu wotentha. Shopu yake inali kachipinda kothina kuseri kwa sitolo ya mababu ndi masoketi. Munali tebulo limodzi, nyale yopindika khosi, ndi misomali yambirimbiri pakhoma, msomali uliwonse uli ndi chingwe chake chokulungidwa bwinobwino. Mafoni sankakonza. Munthu akabwera ndi wailesi ya m'khitchini, ankamulozera kwa mnzake wa tsidya la msewu mwaulemu ndithu, koma ulemu wake unali uja umene umakusiya ukudzimva ngati wabweretsa mbuzi kuchipatala cha anthu.

Makasitomala ake anali aja amene Mulungu anawapatsa chuma pamodzi ndi makutu osakhutira. Anthu oti amakhazika zingwe pa timatabwa kuti zisakhudze kapeti, oti mkazi akasuntha mpando posesa nkhani yake imatha mlungu, oti amamvera nyimbo ali okha, maso ali tsinzinu, nkhope ngati akumwa mankhwala owawa. Mawaya ankawaseka akatuluka pageti. Koma tisanamizane, matenda awowo iyenso anali nawo, ndipo ake anali aakulu. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali ndi pogulira mankhwala.

Matendawo anawatenga atangokwatira kumene, akugwira ntchito yokoka mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Tsiku lina anatumidwa kukaika soketi kwa mkulu wina woyendetsa ndege amene anali atapuma pantchito. Atamaliza, mwini nyumbayo, amene mwina ankasowa womuonetsa katundu wake, anamukhazika pampando wa pakati pa chipinda n'kuika mbale ya galamafoni. Munali gitala imodzi yokha, munthu akuiimba mosathamanga. Kumapeto kwa nyimboyo woimba uja anakhudza nsambo imodzi n'kuisiya. Mawu a nsamboyo anayamba kuchepa, n'kumanka nawonda, ndipo Mawaya anawatsatira ndi khutu mpaka pamene anathera penipeni. Kuseri kwake kunalibe kanthu. Makina onse anali oyaka, koma m'chipindamo munali zii. Iye sankadziwa kuti chinthu chodya magetsi chingathe kukhala chete chotero. Anatuluka ataiwala pulayala yake patebulo la eni ake, ndipo njira yonse yobwerera ankangoganiza chimodzi: tsiku lina adzamva nsambo ikufa mpaka kumapeto m'nyumba yakeyake, atakhala pampando wake, osati wobwereka. Chilakolako chimenecho chinam'lowa m'mafupa ndipo sichinatulukemonso.

Asanatuluke, woyendetsa ndege uja anamuonetsa kumbuyo kwa makinawo. Zingwe zake zinali zonenepa, za mitu yachitsulo, mutu uliwonse uli ndi mano atatu. Chinsinsi chili apa, anatero mkuluyo. Kuchokera tsikulo Mawaya anayamba kufunsa aliyense wodziwa, kuphwasula chilichonse chakufa chimene anatola, mpaka zokoka mawaya m'makoma anazisiya.

Nkhani ya zingwezi si yovuta, ngakhale iye ankaifotokoza ngati ulaliki wosadziwika pothera. Zoimbira zambiri za kunyumba zimalumikizidwa ndi zingwe za dzino limodzi, zija za timitu tofiira ndi toyera. M'chingwe chotero nyimbo imayenda pa kawaya kamodzi, ndipo chilichonse chimene kawayako katola m'njira, kaya kulira kwa filiji, kaya kwa mawaya a m'khoma, chimafika kusipika limodzi ndi nyimboyo. Chingwe chikakhala chachifupi vuto silimveka kwenikweni. Chikatalika, mumalowa kamkokomo kosalekeza, kamene Mawaya ankakatcha njuchi, ndipo makasitomala ake onse anatengera dzinalo. Zingwe za mano atatu, zimene amisiri amati za balansi, zimanyamula nyimbo pa timawaya tiwiri, kena choongoka, kena chozondoka, kachitatu n'kukhala chishango chake. Phokoso la m'njira limalowa mwa tiwirito mofanana. Pofika, ampulifaya, bokosi lokuza mawu asanapite kusipika, imangotenga kusiyana kwa timawayato, chofananacho n'kuchisiya pakhomo. Nyimbo imalowa, njuchi imatsala kunja. Koma chingwe pachokha sichichiritsa kanthu. Makina a mbali zonse ziwiri ayenera kukhala opangidwira zimenezo kuyambira m'kati, ndipo makina otero sapezeka m'nyumba ya mmisiri.

Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kamodzi, ndipo n'kamene kanamutchukitsa. Mita yoyezera anali nayo, koma inkagona m'dirowa, chifukwa iye ankati mita ilibe makutu. Akafika m'nyumba ya munthu ankazimitsa nyimbo, kukweza voliyumu mpaka kumapeto, kugwada, kuika khutu lakumanja pansalu ya sipika, n'kutseka maso. Eni nyumba ankaima kumbuyo kwake ataumitsa mpweya. Akadzuka ankangonena mwachidule kuti njuchi ili m'chingwe chakumanzere, kapena kuti filiji ndi ampulifaya zikudyera soketi imodzi. Akatsata, zinkapezeka kuti ndi zoona. Khutu limenelo ankalinyadira kuposa mmene anthu ena amanyadira galimoto.

Kunyumba kwake ndiye kunali manyazi. Ankakhala pamwamba pa shopu ya wometa tsitsi, ndipo chipinda chawo chochezera chinali chachitali koma chopapatiza. Masipika, amene anawapanga yekha ndi matabwa a kabati yakale, ankaima kumapeto kuli zenera. Choimbira mbale chinali kumapeto enawo pafupi ndi mpando wake, chifukwa cha kuzenerako pansi pankagwedera lole ikamadutsa. Pakati pake pankayenda chingwe chachitali cha dzino limodzi, motsatira khoma la khitchini, kuseri kwake kuli filiji. Njuchi ya m'nyumba imeneyo inali yonenepa, yodya bwino. Mbale ya gitala ija anaifunafuna mpaka anaipeza kwa wogulitsa zakale, koma nthawi iliyonse nsambo yomaliza ikayamba kuwonda, njuchi inkaimeza isanafike ndi pakati pomwe. Mawaya ankakhala pampando manja ali m'masaya, mtima ukumuwawa ngati munthu amene basi yake yadutsa iye akuiona.

Mkazi wake anali mphunzitsi wa ana a kalasi yoyamba, munthu wotha tsiku lonse pakati pa kulira, kuimba ndi kunenezana, moti njuchi ya mwamuna wake kwa iye inali ngati kunong'ona chabe. Kuimva ankaimva, sankakana. Ankangoti nyumba iliyonse ili ndi chiweto chake, ena ali ndi mphaka, iwo ali ndi njuchi, ndipo yawoyo ubwino wake siba mkaka. Mawaya nthabwala imeneyi sankaiseka.

Ana anabadwa, anafuna nsapato, anafuna sukulu, anadwala n'kuchira, ndipo chaka chilichonse makina a mano atatu ankaima kumbuyo kwa mzere. Iye sankadandaula, anali bambo wabwino. Koma ankabwera kuchokera m'nyumba za ena atasiya bata kumeneko, n'kufikira panjuchi yake, ndipo masiku ena zinkamukhudza mpaka chakudya osakoma. Mwayi woyamba unabwera pamene dokotala wina wa mano, posamuka, anamusiyira bokosi lakufa lolandira mawu kuchokera ku mbale. Patapita zaka, mayi wina wamasiye anamupempha kuti achotse ampulifaya ya malemu mwamuna wake imene inapsa ndi mphezi, chifukwa inkangotsekereza malo. Zonse ziwiri zinali za mano atatu. Mawaya anazinyamula pachifuwa ngati makanda, n'kuziika pansi pa tebulo la m'shopu. Kachipangizo kalikonse kopsa ankakafunafuna pang'onopang'ono, kena kwa anzake, kena m'makina otayidwa. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha mpaka tsitsi lonse linathothoka, ana n'kukula n'kuchoka pakhomo.

Ntchito youkitsa makina awiriwo ili pafupi kutha, kunachitika kangozi kamene iye sanakawerengere. Anali m'nyumba ya mnyamata wina wa bizinesi, wogula zinthu zazikulu koma wosatha kudikira. Mawaya atagwada, khutu lili pasipika, voliyumu ili kumapeto, mwini nyumbayo anatopa ndi kuima n'kudina batani kuti aone ngati zayamba kugwira. Ng'oma za nyimboyo zinaphulikira m'khutu momwemo. Mawaya anagwa chagada pakapeti. Mnyamatayo anapepesa mpaka kugwada, koma Mawaya anangopukusa mutu, n'kumaliza ntchito. Khutu linalira kwa masiku angapo, kenako iye anati zatha, ndipo kwa mkazi wake nkhaniyo anangoifotokoza ngati choseketsa.

Tsiku lalikulu linali Loweruka lina m'mawa. Zingwe za mano atatu anaziwotcherera yekha, ndipo pa zingwe zonse zimene anapangapo pa moyo wake, zimenezo ndizo zinali zokongola. Anachotsa chingwe chakale cha dzino limodzi n'kuchikulunga mwaulemu, pakuti chinali chitatumikira. Anavala malaya oyera, anakhazika mkazi wake pampando wa m'mbali, anayatsa makina, anakweza voliyumu mpaka kumapeto. Anayenda kupita kuzenera, n'kugwada.

Njuchi inalipo. Inali yowonda kuposa yakale, yolira m'mwamba pang'ono, koma inalipo.

"Abambo, mwaipha," anatero mkazi wake ali pampando, nkhope ikuwala. "Yapita ndithu."

"Ilipo."

Mayiyo anadzuka, anagwada pambali pake movutikira chifukwa cha maondo, anaika khutu pansalu ya sipika. Anamvetsera nthawi yaitali, monga ankaonera mwamuna wake akuchitira. Kenako ananena kuti sakumva kalikonse, ngakhale pang'ono. Mawaya anamuyankha kuti n'zosadabwitsa, makutu ake anaphedwa kalekale ndi ana a eni ake. Mawuwo anatuluka owawa kuposa mmene iye ankafunira. Mkazi wake anadzuka n'kupita kukhitchini. Mbale ya gitala anaiikabe tsikulo, ndipo nsambo yomaliza inamezedwa monga mwa masiku onse.

Apa ndi pamene panayambira kusaka kumene anansi sadzakuiwala. Anazimitsa filiji, mkaka unasasa, njuchi ili pomwepo. Anachotsa mababu onse n'kuika a mtundu wina. Anamasula mitu ya zingwe n'kuiwotchereranso, ngakhale mumtima ankadziwa kuti inalibe vuto. Anakhoma chitsulo m'nthaka kuseri kwa nyumba n'kukokera waya mpaka m'chipinda. Anaphwasula masoketi awiri, ina anaisiya ili pululu. Anafika pokayikira timagetsi tating'ono ta kumaso kwa makina, tija toonetsa kuti chinthu chayaka, ndipo anatidula tonse. Kenako maso ake anagwera pa wometa tsitsi wa pansi, munthu amene anakhala naye mwamtendere zaka zonsezi. Anatsika n'kumuuza kuti makina ake ometera ndi amene akuipitsa magetsi a nyumba yonse. Wometayo, amene pakamwa pake sipankasowa yankho, anamufunsa ngati akufuna kuti azimeta anthu ndi mano. Kuyambira pamenepo moni unatha pakati pawo.

Zinafika poti njuchiyo inayamba kumutsatira. Loya wina, amene makina ake Mawaya anawakonza yekha mpaka kukhala chete, anamuitana kuti akasunthe masipika. Atamaliza anagwada mwa chizolowezi, n'kuipeza njuchi yomweyo, kalilidwe kake komweko. Anadzuka n'kulengeza kuti magetsi a mzinda wonse adetsedwa. Loyayo poyamba anati sakumva kanthu, koma ataona nkhope ya Mawaya anapendeketsa mutu, anatsinzina, n'kuvomera kuti inde, kali patalipatali. Anthu a matenda awa ukawauza kuti chingwe chikutsokomola, amachimva. Ngakhale pogona Mawaya ankaimva, n'kumati ndi thiransifoma ya pamsewu. Mumsewu ndi m'shopu, m'mene munali phokoso la magalimoto ndi la anthu, inkabisala, ndipo zimenezo zinkangomutsimikizira kuti vuto lili m'makoma a nyumba.

Mkazi wake anali atayamba kale kukayikira. Anaona kuti akamuitana ali kumanja kwake sakutembenuka, ndiponso kuti ketulo ikamalira iye amangokhala. Tsiku lina anayesa kunena mozungulira kuti mwina akanapita kuchipatala kukangoonetsa makutu, monga anthu amaonetsera maso. Mawaya anaika kapu pansi n'kunena kuti khutu limenelo laphunzitsa ana onse a m'nyumba muno, ndipo silinanamepo. Mayiyo anaisiya nkhaniyo. Ankamudziwa mwamuna wake, kuti ukamulanda khutu wamulanda zonse, ndipo ankamumvera chisoni kwambiri moti nthawi zina ankalakalaka atanama kuti nayenso akuimva.

Zinaululika masana a Lamlungu, popanda wina kukonzekera. Mawaya anali atapita kushopu kukatenga kachipangizo kena kamene ankati mwina ndiko katsala. Mkazi wake anafuna kusita zovala za kuntchito, ndipo popeza masoketi ena anali ophwasulidwa, anazula pulagi yaikulu imene inkadyetsa makina onse oimbira, n'kulowetsapo simbi yake. Ali mkati mosita, mwamuna wake analowa. Sanamuyang'ane n'komwe. Anapita molunjika kumakina, anadina mabatani monga mwa nthawi zonse, anakweza voliyumu. Timagetsi toti timuuze kuti palibe chayaka anali atatidula yekha. Anayenda kupita kuzenera, anagwada, anaika khutu.

"Lero ndiye yanenepa," anatero, maso ali chitsinzinire. "Mukuona? Ndi simbi yanuyo. Mwangoyatsa simbi, yakwera."

Mayiyo anayang'ana pansi. Pulagi ya makinawo inali gone pafupi ndi phazi lake, mano ake ali poyera. Akanatha kuikankhira kuseri kwa kabati ndi chala, n'kupepesa za simbi, moyo n'kupitirira monga kale. Anaiganizira njira imeneyo, ndipo inamukoka. Koma anayang'ana msana wa mwamuna wake, munthu wamkulu atagwada pansi kufunafuna chinthu chimene sichinali pamenepo, maondo a thalauza atayera ndi kugwada, ndipo anaona kuti akapanda kunena adzafunafuna mpaka imfa. Anaimika simbi, anawerama, anatola pulagiyo.

"Abambo, tatembenukani."

Mawaya anatembenuka akadali chogwada. Anayang'ana pulagi m'dzanja la mkazi wake. Maso ake anatsatira chingwecho kuchokera m'dzanjalo, kudutsa pansi pa tebulo, mpaka kumbuyo kwa ampulifaya. Anali mmisiri, sanafunikire kufotokozeredwa. Anakwawa n'kuika chikhatho pamwamba pa ampulifaya, n'kupeza kuti ndi yozizira. Pang'onopang'ono anakweza manja onse awiri n'kutseka makutu ake mwamphamvu. Phokoso la mumsewu linazimiririka. Njuchi inatsala, ndipo inamveka bwino kuposa kale lonse.

Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira sipika imene anaipanga yekha. Sanalire, koma nkhope yake inakalamba mkazi wake akuona. Patapita nthawi anafunsa ndi mawu aang'ono ngati zinali zoona tsiku lija loyamba, kuti inapita. Mkazi wake anati inapita tsiku lomwelo, ndipo sinabwererenso ngakhale kamodzi.

Kuchipatala anapita onse awiri. Dokotala wa makutu anamuveka zomvera kumutu, anamuimbira timawu tosiyanasiyana, n'kumuuza kuti azikweza dzanja akamva. Anakweza kambiri, koma osati kokwanira. Dokotalayo anafotokoza mofatsa kuti khutu lakumanja linavulala, lakumanzere nalonso latopa, ndipo kulira kumene akumvako kukuchokera m'kati. Anati ambiri amazolowera, ena kumachepa, koma kulonjeza kuti kudzatha sangalonjeze. Anamufunsa ntchito imene amagwira, ndipo Mawaya atafotokoza za kugwada ndi voliyumu, dokotalayo anangomuyang'ana kwa kanthawi n'kupitiriza kulemba.

Pobwerera anaima pakhomo pa wometa tsitsi n'kupepesa. Wometayo anamva nkhani yonse, ndipo anangomukokera pampando n'kumumeta tsitsi lochepa la m'mbali limene linatsala. Kushopu Mawaya anatulutsa mita m'dirowa n'kuyamba kugwira nayo ntchito. Makasitomala sanathawe, koma iye ankadzimva ngati wobwereka maso kwa mnzake. Makina a kunyumba anawafunditsa nsalu ya tebulo. Madzulo ankakhala pakhonde kuyang'ana magalimoto, chifukwa kumeneko njuchi inkabisala m'phokoso. Chimene chinkamudya mtima sichinali kulirako ayi. Chinali chakuti bata limene analisaka moyo wake wonse linali litafika m'nyumba mwake, linkakhala m'chipinda chomwecho tsiku lililonse, ndipo munthu yekhayo amene sakanatha kulimva anali iye.

Miyezi inadutsa. Tsiku lina sukulu zitatsekera, mkazi wake anachotsa nsalu ija, anaipinda, n'kupukuta fumbi. Anatuluka pakhonde n'kumuuza kuti amuphunzitse kuyatsa, chifukwa zinthu zimene zinamudyera mwamuna wake zaka zonsezi sangazisiye zikhale ngati kabati. Mawaya anakana kaye, kenako analowa. Anamuonetsa choyamba kuyatsa ndi chomaliza, mmene amagwirira mbale m'mphepete, mmene amatsitsira singano. Mayiyo anafunsa za mano atatu, ndipo ulendo uno anamvetsera ulaliki wonse mpaka kumapeto osayasamula. Kenako anatulutsa yekha mbale ya gitala ija n'kuipereka.

Mawaya anaigwira kwa kanthawi. Ndiye anamuuza mkazi wake kuti akhale pampando wa pakati, umene kwa zaka zonsezi unali wa munthu mmodzi. Iye anakoka kampando ka m'khitchini n'kukhala pambali, moyang'ana mkazi wake osati masipika.

"Amayi, ndithandizeni chinthu chimodzi. Kumapetoko akhudza nsambo imodzi n'kuisiya. Akangoikhudza mukweze chala. Musatsitse mpaka itatheratu, mpaka musamvenso kalikonse."

"Ndikatsitsa msanga?"

"Musandikomere mtima. Mutsitse pamene yathera basi."

Nyimbo inayamba. Mawaya anaimva bwino ndithu, gitala ili pakati pa chipinda ngati woimbayo wakhala pamenepo, ndipo ngakhale ndi makutu akewo anadziwa kuti sinamvekepo chonchi m'nyumba muno. Mkazi wake anali atatseka maso, nkhope ili phee, yofanana ndi ya makasitomala aja amene onse awiri ankawaseka. Woimba uja anafika kumapeto n'kukhudza nsambo. Chala chinakwera.

Mawaya anaitsatira nsamboyo ndi mphamvu zake zonse, atapendeketsa mutu kuti khutu lakumanzere likhale kutsogolo. Inachepa, inawonda, ndipo posakhalitsa njuchi inaimeza pamalo pomwe inkaimezera kale. Kwa iye nyimbo inathera pamenepo. Anayang'ana dzanja la mkazi wake. Chala chinali chikadali m'mwamba.

Anadikira. Anapuma, anapumanso, chala chili chiimire. Mayiyo anali atawerama pang'ono kutsogolo, milomo itatseguka, akutsatira chinthu chimene chinkanka patali m'chipinda chawo chopapatizacho, ndipo Mawaya ankachiona pankhope pake chikupita. Sanadziwe kuti nsamboyo ndi yaitali chotero. Mwina ngakhale kwa woyendetsa ndege uja sinatalike chonchi. Chimwemwe ndi chisoni zinamufikira nthawi imodzi, pakuti ntchitoyo anaigwira bwino, bwino kwambiri, ndipo gawo lonse limene chalacho chinaima iye atasiya kumva ndilo limene analipangira makinawo.

Pomaliza chala chinatsika pang'onopang'ono mpaka pabondo. Mkazi wake anatsegula maso, anali onyowa. Anafuna kulankhula, koma Mawaya anali atadzuka kale. Anapita pa choimbira mbale, ananyamula singano, n'kuibweza pang'ono chabe, pafupi ndi kumapeto kwa nyimbo. Anabwerera pakampando kake n'kukasendeza kufupi.

"Kwezaninso," anatero.